Mafunso anu pa Chinyanja: dzina la paki, chikwangwani cha chenjezo, ndi makina amene akuti "amamva"

Bambo wina wa ku Chilenje muno mu Lusaka, amene akukonza malo a ana pafupi ndi msika, wafunsa kuti: "Kodi theme park tiziitchula bwanji m'chinenero chathu? Ena akuti malo osewerera, ena malo osangalalira, ndipo wolemba zikwangwani wandilembera kuti osewerelera. Cholondola n'chiti?"

Bambo, osewerera ndi osangalalira onse ndi olondola. Chachitatucho chifufutitseni asanapake penti yachiwiri. Tikafuna kutchula malo ochitirako chinthu timalowetsa -ir- kapena -er- m'mneni, ndipo chimene chimasankha ndi lembo la liwu (a, e, i, o, u) lomwe lili m'tsinde la mneniyo. Likakhala a, i kapena u timaika -ir-: sangalala, sangalalira, phika, phikira, gula, gulira. Likakhala e kapena o timaika -er-: sewera, sewerera, gona, gonera. Aneni aafupi monga dya ndi mwa amatenga -er-, n'chifukwa chake timati malo odyera ndi malo omwera. Osewerelera walowetsa kachidutswako kawiri popanda ntchito.

Koma si malo onse okhala ndi katungwe ndi timagalimoto amene ali theme park. Zokwera zimene zimaikidwa ku Showgrounds pa nthawi ya chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda ndi zosangalatsa ndithu, koma chilichonse chimaima pachokha. Theme park imamangidwa mozungulira nkhani imodzi, ndipo nyumba, zovala za antchito, nyimbo ngakhale zakudya zimatsata nkhaniyo. Disneyland, imene inatsegulidwa mu 1955 ku Anaheim m'chigawo cha California, inagawidwa m'zigawo zokhala ndi mutu wakewake, monga Frontierland ndi Tomorrowland, ndipo njira zake zimakumana pabwalo lapakati pomwe pali nyumba yachifumu yooneka patali, kuti mlendo asasochere. Kufupi kuno kuli Gold Reef City ku Johannesburg, yomangidwa pa mgodi wakale wa golide, ndipo nkhani yake ndi ya kupezeka kwa golide mu 1886. Ngati malo anu ndi a katungwe, kasitima ndi potsetsereka, lembani kuti malo osewerera ana, aliyense amva. Ngati muli ndi nkhani imodzi yolamulira zonse, itchuleni nkhaniyo m'dzinalo: paki ya nkhani za kalulu, paki ya moyo wa kumudzi, paki ya za migodi. Chinyanja chimayenda bwino chikanena mutuwo poyera kusiyana ndi kufunafuna liwu limodzi loimira theme. Mayina a zokwerazo musavutike nawo kwambiri, ana adzazipatsa okha, ndipo dzina la ana ndilo lidzakhalitse.

Funso lachiwiri lachokera kwa mayi wa ku Kabwata amene amagwira ntchito yomasulira. Anapatsidwa chenjezo la Chingerezi loti liikidwe pakhomo la chokwera china, analilowetsa m'pulogalamu yomasulira, ndipo zinatuluka ndi izi: "Ana aang'ono msinkhu sayenera kukwera. Oyembekezera asakwere. Sungani manja anu mkati." Iwo akuti ziganizozi zikuoneka zolondola koma mtima sukukhazikika.

Mayi, mtima wanu wakuuzani zoona, ndipo chiganizo chilichonse mwa zitatuzi chili ndi vuto lake. Choyamba ndi liwu loti msinkhu. Limanena zaka, monga tikamati uyu ndi wa msinkhu wanga, komanso limanena kutalika kwa thupi. Kholo likawerenga kuti ana aang'ono msinkhu, limayamba kuwerenga zaka za mwana wake. Koma opanga zokwerazi amayeza kutalika, chifukwa chitsulo chimene chimatsekera pamiyendo ndi lamba wa pamapewa zinapimidwa molingana ndi thupi. Mwana wa zaka 9 wamfupi akhoza kutsetsereka n'kutuluka pansi pa chitsulocho pamene wa zaka 7 wamtali wakhala bwinobwino. Choncho chikwangwani chitchule nambala imene wopanga makinawo analemba. Ngati ndi masentimita 120, lembani kuti: "Mwana wosafika masentimita 120 kutalika saloledwa kukwera." Pambali pake pakhale mzere wofiira pa mulingo womwewo ndi mawu akuti "Imirira apa tikuyeze," chifukwa makolo ambiri sasunga m'mutu kutalika kwa ana awo.

Ndasintha sayenera kukhala saloledwa mwadala. Sayenera ndi uphungu, munthu akhoza kuumva n'kuutaya. Saloledwa akusonyeza kuti pali wina pakhomo amene akaniza, ndipo zimamuthandiza mnyamata wa pagetiyo pamene kholo layamba kumunyengerera.

Chachiwiri ndicho choopsa koposa. Oyembekezera ndi liwu laulemu lonena za amayi apakati, ndipo ku chipatala palibe amene angalimve molakwa. Koma chikwangwanichi chikaima pamzere wa anthu amene onse akuyembekezera kukwera. Pamalo otero ena aseka, ena adabwa, ndipo mayi amene chenjezolo likumukhudza akhoza kulipitirira. Lembani kuti "Amayi apakati saloledwa kukwera." Muno mu Lusaka ambiri amangoti ali na mimba, ndipo n'zomveka, koma pachikwangwani chowerengedwa ndi apongozi ndi ana pamodzi, apakati ndi liwu lomveka komanso losachititsa manyazi.

Chachitatu, kusunga manja, ndi Chingerezi chovala zilembo zathu. Timasunga ndalama, mbewu ndi chinsinsi. Za manja timati "Musatulutse manja kunja." Onjezani "Mangani lamba," "Musaimirire makina akuyenda," ndi "Gwiritsitsani chitsulo." Gwirani yekha ndi wofooka, gwiritsani akhoza kumveka ngati kugwiritsa ntchito, pamene gwiritsitsani akunena kugwira mwamphamvu osataya. Lamulo lililonse likhale pamzere wake, mawu akhale ochepa, chifukwa wowerengayo ali chiimire, dzanja lina lagwira mwana, ndipo nyimbo zikusokosera. Chikwangwani cha kutalika chiikidwe poyambira mzere, osati pokwerera, kuti mwana asadikire theka la ola kenako n'kubwezedwa akulira. Kwa akuluakulu gwiritsani ntchito -ni ndi mu- waulemu. Imirira wopanda -ni ndamusiyira mzere woyezera ana wokha.

Pa kalembedwe, sankhani kamodzi n'kukatsata mpaka kumapeto. Mabuku a sukulu a ku Zambia amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndipo amalemba ch pamene a ku Malawi amalemba tch. Ndiye citsulo ndi chitsulo onse ali ndi kwawo, koma asakumane pachikwangwani chimodzi. Mukamaliza, musafunse anzanu kuti kodi Chinyanjachi chili bwino, chifukwa adzangovomera. Pezani anthu atatu kapena anayi, wina wa Chibemba, wina wa Chitonga, wina wa Chinsenga, muwawerengetse, kenako muwafunse kuti: mwana wanu akwera kapena ayi, nanga manja muika pati? Yankho lawo ndilo likuuzeni ngati mawuwo agwira ntchito.

Wophunzira wina wa pa yunivesite wafunsa mafunso awiri pamodzi: AI tiziti chiyani, ndipo kodi n'kulakwa kunena kuti ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso polemberana, imamva Chinyanja?

Pa dzina, ndimakonda nzeru zopangidwa ndi anthu, kapena mwachidule nzeru za makina. Nzeru zabodza ayi, chifukwa bodza limafuna wonama amene akudziwa choona. Pocheza ambiri azingoti AI, ndipo palibe cholakwa. Chofunika kusamala ndi mgwirizano wa mawu: nzeru zimatenga zi-, makina amatenga a-, kompyuta ndi pulogalamu zimatenga i-. Timati makina akuyankha, pulogalamu ikuyankha, nzeruzo zikuthandiza.

Funso la kumva ndi lakuya. Kumva kwathu n'kotakata: timamva phokoso, timamva njala, timamva fungo, timamva chinenero, ndipo mwana womvera timati amamva. Palinso kumvetsa ndi kumvetsetsa, komwe ndi kufika pa tanthauzo lenileni. Mapulogalamu onga ChatGPT, imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu November 2022, amaphunzitsidwa pa zolembedwa zochuluka kwambiri. Amaduladula mawu m'tizidutswa, kenako amalosera kachidutswa koyenera kutsatira. Zolembedwa za Chingerezi pa intaneti ndi zambirimbiri, za Chinyanja ndi zochepa, ndipo zambiri mwa zochepazo ndi zomasuliridwa kuchokera ku zinenero zina. N'chifukwa chake chiganizo chimatuluka ndi mawu athu koma mafupa ake ali a Chingerezi, monga kusunga manja kuja. Palinso vuto la kamvekedwe ka liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa pokweza kapena kutsitsa liwu, koma polemba sitiika chizindikiro, ndiye makina amadalira mawu oyandikana nawo okha. Ndipo Chinyanja cha m'tauni, cha nifuna, bana ndi vinthu, chimalankhulidwa kwambiri kuposa mmene chimalembedwera, kotero makina amakonda kuyankha m'Chichewa cha m'mabuku ngakhale mwawafunsa m'chilankhulo cha pa minibasi.

Akatswiri a filosofi anakangana za nkhaniyi makina otere asanabwere. Mu 1950 Alan Turing anati m'malo mofunsa ngati makina amaganiza, tione ngati munthu wocheza nawo polemberana angawasiyanitse ndi munthu mnzake. Mu 1980 John Searle anatsutsa ndi chitsanzo cha munthu wotsekeredwa m'chipinda, wosadziwa Chitchaina, amene akutsata buku la malamulo n'kumatulutsa mayankho olondola a Chitchaina. Akunja aganiza kuti amachidziwa, pamene iye akungofananitsa zizindikiro. Ludwig Wittgenstein, amene anaphunzitsa ku Cambridge ndipo anamwalira mu 1951, anaphunzitsa kuti nthawi zambiri tanthauzo la liwu ndi mmene anthu amaligwiritsira ntchito, ndipo anapereka chitsanzo cha masewera. M'chinenero chathu chitsanzochi chimaoneka bwino: nsolo, mpira, masanje a ana ndi sewero la pa wailesi zonse zimalowa m'kusewera, koma palibe chinthu chimodzi chimene zonsezi zili nacho. Nsolo uli ndi wopambana, masanje alibe. Sewero lili ndi omvera, nsolo ukhoza kuseweredwa anthu awiri okha pansi pa mtengo. Mwana amaphunzira malire a liwuli posewera ndi pokalipiridwa kuti usasewere ndi moto, osati poloweza tanthauzo.

Ndiye ndikukulangizani motere, achimwene. Pocheza mukhoza kunena kuti pulogalamuyi imamva Chinyanja, monga timanenera kuti foni yakana kapena galimoto yatopa, ndipo palibe amene asokonezeke. Koma polemba nkhani ya sukulu kapena lipoti la kuntchito, tchulani chimene mwaona ikuchita: imamasulira, imayankha, imalosera mawu, imalakwitsa mgwirizano wa mayina. Kumvetsa kusiyireni pamene mwakonzeka kufotokoza chimene mukutanthauza. Mukamaigwiritsa ntchito pomasulira, iuzeni kumene mawuwo akaikidwe, amene akawerenge ndi kalembedwe kamene mukufuna, ka c kapena ka ch. Zikatuluka, werengani mokweza, tsatirani dzina lililonse muone ngati mneni ndi mfotokozi zikugwirizana nalo, ndipo chilichonse chokhudza chitetezo, mankhwala kapena ndalama chidutse m'manja mwa munthu wolankhula chinenerochi musanachisindikize.