Mwana wabwera ku koleji ndi mafunso okhaokha

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera motere: "Mwana wanga wamkazi ali chaka chachiwiri ku Zomba, akuphunzira filosofi. Pa holide ino wabwera ndi mawu akuti Enlightenment, akuti munthu aziganiza yekha, abusa asamamuganizire. Kutchalitchi amapita, koma pobwerera amangotsutsa ulaliki njira yonse. Bambo ake akuti tisiye kulipira fizi mpaka asinthe kosi. Nditani?"

Mayi, fizi musasiye kulipira. Ndikuuzeni kaye kumene mawuwo achokera, chifukwa ndikukayika ngati mwana wanuyo wawawerenga mpaka kumapeto.

Enlightenment ndi dzina la nyengo ya ku Ulaya ya m'zaka za m'ma 1700, ndipo ife tingati kutseguka m'maso. Mu 1784, Immanuel Kant, katswiri wa filosofi wa ku Königsberg m'dziko la Prussia, analemba kankhani kafupi m'magazini ya ku Berlin kufotokoza tanthauzo lake. Iye anati ndi kutuluka mu ubwana umene munthu wadziikamo yekha. Munthu wamkulu ndithu, nzeru ali nazo, koma chifukwa cha ulesi ndi mantha amafuna buku limuganizire, m'busa amusungire chikumbumtima, dokotala amusankhire chakudya. Taonani, m'busa akutchulidwa pamodzi ndi buku ndi dokotala. Kodi Kant ankati tiotche mabuku, tisiyenso kupita kuchipatala? Ayi. Amene ankamudzudzula ndi waulesiyo.

Mu nkhani yomweyo akunenanso kuti m'busa akaima pa guwa aziphunzitsa zimene mpingo wake umakhulupirira, poti ndiyo ntchito imene anavomera, koma akakhala pansi n'kulemba ngati munthu wophunzira, ali ndi ufulu wonena poyera pamene akuona kuti palakwika. Chaka chomwecho, katswiri wina, Moses Mendelssohn, anayankhanso funso lakuti Enlightenment n'chiyani, ndipo iyeyu anali Myuda wosunga chipembedzo chake mpaka imfa.

Sindikunamizeni kuti akatswiri onse a nyengoyo anali opemphera. Ku France, Voltaire ankakhulupirira Mulungu koma ankalimbana ndi mpingo koopsa, d'Holbach ankakana Mulungu kumene, ndipo Kant mwiniyo anadzudzulidwa ndi mfumu ya Prussia mu 1794 chifukwa cha zimene analemba pa za chipembedzo. Nkhawa yanu ili ndi pogwira. Koma ife a kuno tili ndi umboni wathuwathu. Pa 8 Malichi 1992, nthawi imene munthu ankayang'ana kaye kumbuyo asanatchule za boma, ndani analimba mtima kuganiza mokweza? Anali maepiskopi a Katolika, m'kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo pa 14 Juni 1993 tinali pa mzere wa riferendamu. Ngati bambo ake amakonda Baibulo, atsegule Machitidwe 17:11, pamene anthu a ku Bereya akuyamikiridwa chifukwa ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankalalikira zinali zoona.

Tsono iwe mwana wanga, ngati amayi akuonetsa yankho lino. Kuloweza mawu a alekichala kapena a munthu wa pa YouTube n'kumawalavulira makolo pa mphasa, kumeneko si kuganiza wekha. Wangosintha abusa. Ndipo kutsutsa ulaliki m'minibasi, amvano akumva, amayi ako akugwa nkhope, sikukuwonjezera nzeru ina iliyonse. Funso ukhale nalo, koma ukalifunse kwa abusawo mwaulemu, kapena ulilembe bwinobwino n'kuona ngati mfundo zako zikuimadi.

Za ntchito, Mayi, ndinene mosabisa: digiri ya filosofi siikhala ndi ofesi yoidikira ngati ya unamwino. Amene anaiphunzira amalowera ku uphunzitsi, ku Capital Hill, ku mabungwe omwe si aboma, ku utolankhani, ena amapitiriza za malamulo. Ansembe a Katolika nawonso amayamba aphunzira filosofi ku seminale asanafike pa maphunziro a zaumulungu, ndipo mfundo imeneyi bambo ake aimve bwino. Chimene mungakambirane naye ndi phunziro lachiwiri limene akutenga pambali pa filosofiyo, komanso kumene angakagwireko ntchito yodzipereka pa holide, ngakhale kuno ku Lilongwe komweku.

Lamlungu likubwerali, akayamba kutsutsa ulaliki, musamukalipire. Mumufunse kuti Kant ananena chiyani za m'busa woima pa guwa. Akachita chibwibwi, mumutume akawerengenso, adzakufotokozereni madzulo mukuphika.