Filimu ikuonetsedwabe, nanga wosewera wake akusaukiranji?

Mwafunsa chifukwa chimene osewera ena akale amafera m'umphawi pomwe mafilimu awo tikuwaonerabe, ndiponso ngati salandira kanthu filimu ikamabwerezedwa pa kanema. Yankho lagona pa kontirakiti imene munthuyo anasaina tsiku lomwe ankalembedwa ntchito. Kutchuka kwa filimu kumalemeretsa mwini filimuyo, ndipo kawirikawiri wosewera si mwini wake.

Malipiro a wosewera ali pawiri. Pali ndalama ya ntchito imene wagwira pojambula, ndiye pali ndalama zobwera pambuyo pake filimu ikagulitsidwanso kapena kubwerezedwa, zimene ku America amati ma residuals. Zachiwirizi sizinalipo kuyambira kale ayi. Ku Hollywood, pa mafilimu, zinabwera chifukwa cha sitiraka ya bungwe la osewera la Screen Actors Guild mu 1960, mtsogoleri wake ali Ronald Reagan. Anagwirizana kuti mafilimu oyamba kujambulidwa pambuyo pa January 1960 azilipira osewera akaonetsedwa pa TV. Mafilimu a pakati pa 1948 ndi 1960 sanawerengedwe. M'malo mwake makampani anapereka madola oposa 2 miliyoni oyambira thumba la penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala. A m'mbuyo mwa 1948 sanapatsidwe chilichonse. Choncho munthu amene ankatchuka m'ma 1940 ankatha kudziona pa TV sabata iliyonse, mpaka kukalamba, osalandirapo ndi senti yomwe. Mickey Rooney, mmodzi mwa osewera otchuka a nthawi imeneyo, anadandaula za nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo pomwalira mu 2014 chuma chake chinali cha madola pafupifupi 18,000 okha. Masewero a pa TV nawo ankalipira maulendo ochepa oyambirira obwereza, kenaka basi, mpaka malamulo a bungweli atasintha m'ma 1970.

Kuti muone kusiyana kwake, taonani zimene anachita Lucille Ball ndi mwamuna wake Desi Arnaz mu 1951 poyamba sewero la I Love Lucy. Masiku amenewo masewero ambiri ankaulutsidwa nthawi yomweyo akuchitika, ndipo zosungidwa zake zinali zosaoneka bwino. Awiriwa anaumirira kuti lawo lijambulidwe pa filimu yeniyeni ya 35mm ku Los Angeles. A CBS, kampani ya TV imene inkaulutsa seweroli, anati n'zodula. Iwo anavomera kuti malipiro awo adulidwe ndi madola 1,000 pa sabata, bola mafilimuwo akhale a kampani yawo ya Desilu. Nthawi imeneyo ndi ochepa ankaganiza kuti munthu angaonere kawiri gawo lomwelomwelo. Patangopita zaka zochepa CBS inagulanso magawowo pa madola oposa 4 miliyoni, ndipo Desilu inagula masitudiyo a RKO mu 1957. Luso analidi nalo, koma chimene chinawalemeretsa ndi umwini.

Pali msampha wina umene wakola ngakhale osewera ochenjera. Kontirakiti ikhoza kulonjeza peresenti ya ndalama zonse zimene filimu yalowetsa, kapena peresenti ya phindu lotsala akachotsa zowononga. Yachiwiriyi ndi yoopsa, chifukwa wowerengera zowonongazo ndi kampani yomweyo: imadzilipiritsa yokha za kutsatsa, za kugawa filimu m'malo oonetsera, chiwongoladzanja, mpaka pa pepala phindu n'kusowa. David Prowse, amene ankavala zovala za Darth Vader m'mafilimu a Star Wars, ananena poyera kuti ankalandira makalata omuuza kuti Return of the Jedi ya 1983 sinapangebe phindu. Filimu imene inalowetsa madola mamiliyoni mazanamazana!

Ndiye ndalama imene mumawerenga m'nyuzipepala si imene imafika m'thumba. Pa madola 100,000 alionse, ejenti womupezera ntchito amatenga 10,000, manijala 10,000 kapena 15,000, loya 5,000, kenaka msonkho. M'ma 1950 msonkho wa boma la America pa gawo lapamwamba la malipiro unkafika 91 peresenti. Vuto lake ndi lakuti ntchitoyi imabwera modumphadumpha. Munthu amalandira zambiri kwa zaka zisanu, n'kugula nyumba yolingana ndi zaka zisanuzo, sewero n'kutha, koma ngongole ya nyumba ndi msonkho wa chaka chatha zikumudikirabe. Anthu akamuzolowera pa khalidwe limodzi, opanga mafilimu ena samufunanso, chifukwa oonera amangoona munthu wa m'sewero lakale uja.

Ana osewera ndiwo anadyeredwa masuku pamutu kwambiri. Jackie Coogan anasewera ndi Charlie Chaplin mu The Kid mu 1921, napanga madola mamiliyoni ali mwana. Atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo omupeza anadya pafupifupi zonse. Anawasumira mu 1938 koma anangopeza madola 126,000. Nkhani yakeyo inabala lamulo la ku California la 1939, lotchedwa Coogan Act, lomwe lero limafuna kuti 15 peresenti ya malipiro a mwana isungidwe mu akaunti yotsekedwa mpaka atakwanitsa zaka 18. Koma 15 peresenti ndi yochepa, 85 yotsalayo imadutsabe m'manja mwa akuluakulu. Gary Coleman wa Diff'rent Strokes, sewero la 1978 mpaka 1986, anasumira makolo ake ndi mlangizi wake wa zachuma mu 1989, khoti linamupatsa madola pafupifupi 1.3 miliyoni mu 1993, komabe mu 1999 analengeza kuti walephera kubweza ngongole zake. Anagwirapo ntchito ya ulonda.

Zonsezi ndi za ku America, kumene kuli bungwe la osewera lamphamvu. M'maiko ambiri kunja kwa kumeneko zinthu n'zovuta kuposa apa, chifukwa wosewera amalipidwa kamodzi n'kusainira kuti zonse zapita kwa wopanga filimu. N!xau wa ku Namibia, wa mu The Gods Must Be Crazy ya 1980, malipoti ambiri amati anapatsidwa madola mazana ochepa chabe pa filimu yoyambayo, imene inagulitsidwa dziko lonse lapansi. Pa yachiwiri ya 1989 anali atadziwa mtengo wake, ndipo analandira zochuluka kwambiri. Anaseweranso m'mafilimu a ku Hong Kong, kenaka anabwerera kukalima ku Tsumkwe, komwe anamwalira mu 2003.

Amene munkaonera Generations pa SABC1 mukukumbukira kuti mu 2014 nkhope zambiri zozolowereka zinasowa nthawi imodzi. Osewera 16 ananyanyala ntchito pofuna malipiro okwera, makontirakiti a zaka zitatu, ndi gawo la ndalama za kubwereza ndi kugulitsa seweroli kumaiko ena. Anachotsedwa ntchito onse mu August, seweroli linaima kaye, n'kubwereranso mu December lili Generations: The Legacy. Ku South Africa osewera ambiri amawerengedwa ngati ogwira ntchito paokha, osati olembedwa ntchito, ndiye alibe penshoni kapena chitetezo cha lamulo la apantchito. Bilu yofuna kuwapatsa ufulu wolandira ndalama za kubwereza, Performers' Protection Amendment Bill, nyumba ya malamulo inaivomereza, koma mu 2024 Pulezidenti Ramaphosa anaitumiza ku khoti loona za malamulo aakulu a dziko m'malo moisaina.