Funso la mayi wina: zamakonozi ndiziyambire pati m'kalasi mwanga?

Mayi wina amene amaphunzitsa pa koleji ina wanditumizira imelo atamva kuti ndinali ku msonkhano wa zaukadaulo pa maphunziro a ukachenjede. Akuti, "Achimwene, za AI (nzeru zamakina) ndi kuphunzira pa intaneti mumakamba m'mahotelamo, ine ndiyambire pati pomwe ana anga ambiri alibe ndi laputopu yomwe?"

Mayi, zikomo, ndipo funso lanuli ndi lomwe linandivutitsa ine kumsonkhanoko. Anationetsa zinthu zokongola zedi, koma zambiri zimafuna netiweki yamphamvu komanso magetsi osathima. Tonse tikukumbuka 2020 sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, makoleji anathamangira ku Zoom ndi Google Classroom koma mwana ali kumudzi ku Chitipa kapena ku Nsanje bandulo imatha kalasi isanafike ndi pakati pomwe, ena mpaka kukwera pachulu kusaka netiweki. Kenako 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, magetsi n'kumathima maola ambirimbiri, foni kutchaja kwake kovuta.

Nde ine ndikuti yambirani pa foni imene mwanayo ali nayo kale m'thumba. Jambulani mawu anu, mphindi zochepa chabe pa mutu umodzi, muponye pa gulu la WhatsApp la kalasi. Mawu sadya data ngati vidiyo, ndipo mwana atha kumvetsera kangapo ali mu minibasi. Manotsi akhale PDF yopepuka. Ngati koleji yanu ili ndi Moodle, pulogalamu yoikapo maphunziro pa intaneti, auzeni anawo aike app yake pafoni, imalola kutsitsa zinthu ali pa Wi-Fi ya pasukulu n'kukawerenga kunyumba opanda intaneti, ambiri sadziwa zimenezi. Afunseninso a ICT (oyang'anira makompyuta) ngati koleji yanu inalumikizidwa ku MAREN, bungwe lomwe limabweretsa intaneti m'masukulu a ukachenjede kuno kwathu. Anzathu a maphunziro a patali (ODL) ku Mzuni ndi ku LUANAR akhala akuphunzitsa anthu akutali kwa zaka ndithu, kawafunseni mmene amachitira.

Za ChatGPT, AI yoyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, ndiye musadzinamize kuti ana anu sakuigwiritsa ntchito, inatuluka kumapeto kwa 2022 ndipo pano ngakhale mu WhatsApp momwemo muli Meta AI. Kuiletsa sikutheka, chofunika kusintha ndi mafunso anu. Asayimenti yoti "fotokozani tanthauzo la chakuti" makina amalemba kamphindi. Koma muwatume akacheze ndi alimi kapena amalonda a pamsika wa kwawo, abwere ndi zomwe apeza, aime kutsogolo afotokoze pakamwa inu n'kumawafunsa. Kalasi ikakhala yaikulu ndi ntchito yotopetsa, ndikudziwa, agaweni m'magulu. Ndipo muwaonetse m'kalasi momwemo mmene AI imapekera mabuku oti kulibe, aone ndi maso awo.

Semesita ino sankhani kosi imodzi yokha muyesere zimenezi, ndipo sabata yoyamba muwafunse kaye kuti ndani ali ndi foni yotani, ndani amabwereka ya mnzake. Mukatero mundilembere, ndikufunitsitsa kumva mmene ziyendere.