Malume, musathamangire ku tribunal, yambani mwaona deti la pa kalatayo

Eya malume, mwaswera bwanji kumeneko ku Luwinga? Pepani ndachedwa kuyankha, ndaweruka mochedwa, komanso netiweki kuno ku Chibavi ikuvuta ndi mvulayi. Phokoso mukulimvalo ndi la malata, mungopirira nane.

Voice note yanu ndaimvera kawiri, ndaonanso chithunzi cha kalata ya MRA chomwe asuweni atumiza pagulu pano. Nkhani ndaimva motere: a MRA akuti muli ndi ngongole ya msonkho wa phindu la shopu ya hardware ija, wa zaka ziwiri. Inu mukuti ndalamayo yakula kuposa phindu lomwe munapezadi. Ndiye mnzanu wakuuzani kuti mupite ku tribunal, bwalo lomva madandaulo a misonkho, mukachite apilo, ndipo mukufunsa ngati mungapite mawa lomwe. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Yankho langa ndi lakuti ayi, mawa musapite kumeneko. Sikuti mlandu wanu ndi wofooka. Ine ndikuona kuti muli ndi mfundo ndithu. Koma milandu yambiri ya msonkho imafera pakhomo, oweruza asanatsegule n'komwe buku lanu la malonda. Imafa chifukwa munthu wachedwa, walumpha sitepe, kapena pepala limodzi lasowa. Zimenezi ndi zomwe zikundidetsa nkhawa pa nkhani yanuyi.

Bwalo lomwe mnzanuyo akunena ndi Revenue Appeals Tribunal. Lamulo lake aphungu analivomereza mu 2021, limodzi ndi Tax Administration Act. Kale ma apilo otere ankapita kwa Special Arbitrator. Koma kaya ndi kale kaya ndi pano, njira yake ndi yomweyo: mumayamba mwadandaula kwa eni ake a MRA, kwa Commissioner General, polemba kalata yomwe amaitcha objection. Iwo akayankha, inu osakhutira ndi yankholo, m'pamene mumatengera nkhani ku tribunal. Mukafika kumeneko mulibe yankho la objection m'manja, akufunsani kuti kodi mukuchita apilo pa chigamulo chiti? Mubwerera, ndipo masiku akhala akutha.

Tsopano malume mverani bwino apa, chifukwa mtima wa nkhani ndi umenewu. Muli ndi masiku 30 olembera objection. Ndayang'ana deti lomwe lili pamwamba pa kalatayo, masiku 17 apita kale. Mwati munailandira mochedwa, inakhalitsa m'bokosi la ku positi. Mwina mfundo imeneyo ingadzathandize tsiku lina, n'chifukwa chake envelopu yake musaitaye, ili ndi chidindo cha ku positi. Koma ife tisadalire zimenezo. Tiwerengere kuchokera pa deti la pa kalata, Loweruka ndi Lamlungu tiziwerengera momwemo, ndiye kuti tatsala ndi masiku 13 basi. Akadzayankha objection ija, wotchi ina idzayambanso, masiku ena 30 oti apilo ifike ku tribunal. Anthu ambiri amagwa pa wotchi yachiwiriyi, chifukwa amakhala atatopa, akuganiza kuti tidzaona mwezi wamawa tikagulitsa simenti.

Munthu akachedwa amatha kupempha kuti amuonjezere nthawi, inde. Koma limenelo ndi pempho, akhoza kuvomera kapena kukana, ndipo amafuna chifukwa chooneka ndi maso, monga kalata ya kuchipatala yosonyeza kuti munagonekedwa. Kunena kuti ndinali ku Kyela kokatenga katundu sikungakupulumutseni.

Mwanenanso kuti munapita kale ku ofesi m'tauni, munakambirana ndi ofisala, anakumverani bwinobwino. Malume, kumeneko kunali kucheza. Objection ndi yolembedwa. Izi ndikunena mtima ukupweteka, chifukwa zinandionekera pa shopu ina yomwe ndinkailembera mabuku zaka zapitazo. Ine ndi mwini shopu tinapita katatu kukafotokoza pakamwa, tikubwerera tikumwetulira kuti nkhani ikuyenda. Pomwe tinkalemba kalata, masiku anali atadutsa. Kulakwa kunali kwathu, palibe anatinamiza. Bambo aja analipira ndalama yonse, pomwe malisiti osonyeza kuti theka lake silinali loyenera anali m'katoni pansi pa kauntala. Mpaka lero ndikadutsa pa shopu imeneyo ndimakumbukira.

Dikirani pang'ono, ndiike foni pa chaja.

Eya, ndabwera. Tsopano zolemba m'kalatamo. Musalembe kuti msonkhowu wandikulira, bizinesi sikuyenda, mundichitire chifundo. Zimenezo ndi zoona, tonse tikudziwa momwe mitengo ya malata ndi simenti yakwerera, koma si chifukwa chomwe lamulo limamva. Muyenera kuloza pomwe masamu awo aphonya, chimodzichimodzi, chaka chilichonse pachokha popeza zaka ndi ziwiri. Mmene ndaonera pa tsamba lachiwiri lija, iwo atenga ndalama zonse zomwe zinalowa mu akaunti yanu ya kubanki ngati kuti ndi zogulitsa za mu shopu. Chonsecho tonse pano tikudziwa kuti asuweni a ku Johannesburg amatumiza ndalama yomangira nyumba ya ku Ekwendeni kudzera mu akaunti yomweyo, ndiponso ya chipereganyu chanu imadzera momwemo. Imeneyo si ndalama ya malonda. Chachiwiri, msonkho umenewu ndi wa phindu, osati wa zonse zomwe mwagulitsa, ndiye renti ya shopu, malipiro a anyamata awiri aja, thiransipoti yochokera ku Songwe, zonsezo ziyenera kuchotsedwa ngati malisiti alipo. Chachitatu, pomwe munkaperekera katundu ku sukulu ija ankakudulani withholding tax, msonkho womwe amachotseratu pa ndalama yanu asanakulipireni. Masatifiketi ake afunika, chifukwa umenewo ndi msonkho womwe munalipira kale.

Ndikulimbikira kuti zifukwa zonse zilowe m'kalata yoyambayi chifukwa apilo imamangidwa pa zomwe munadandaula poyamba. Mfundo yomwe mwaiiwala pano idzakuvutani kuilowetsa kutsogolo, mbali inayo idzati iyi ndi yachilendo, sitinaionepo. Ndipo dziwani kuti pa nkhani za msonkho, wofunika kubweretsa umboni ndi inu. Iwo sadzavutika kutsimikiza kuti masamu awo ndi olondola, inu ndi amene mudzasonyeze kuti ndi olakwika.

Pali tizinthu tina tooneka ngati tachabechabe koma timagwetsa anthu. Dzina ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ija, zikhale ndendende ngati zomwe zili pa kalata yawo. Shopu yanu si kampani ya limited, ndiye wodandaula ndi inuyo, dzina lanu, osati dzina lolembedwa pa chikwangwani lokha. Musayine nokha. Ine ndikhoza kukulemberani, koma sindingasayine m'malo mwanu popanda kalata yondipatsa mphamvu. Pokapereka mutenge makope awiri, imodzi ikatsale, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi deti mubwere nayo kunyumba. Kope yodindidwayo ndiye mboni yanu yoti simunachedwe. Muijambule muitumize pagulu pano tsiku lomwelo, kuti ngakhale pepala litanyowa tikhale nayo.

Zikadzafika poti tipitedi ku tribunal, mtolo wake udzakhala ndi kalata iyi ya MRA yonena ngongoleyo, yomwe amaitcha assessment, objection yathu yodindidwa, yankho lawo, ndi zifukwa za apilo zolembedwa momveka. A MRA nawonso ayenera kupatsidwa kope, ndipo umboni woti alandira tiusunge. Pa sitepe imeneyo ine ndingakonde tipeze loya kapena akauntanti wodziwa za misonkho. Mabuku ndimawadziwa, koma kuyankhula pamaso pa bwalo ndi luso lina. Kupitirira tribunal kuli Khothi Lalikulu, koma tisafike kumeneko ndi maganizo panopa.

China chomwe sindikufuna chikudzidzimutseni: kudandaula pakokha sikuimitsa ngongole. Lamulo limawalola a MRA kutolera msonkho nkhani ili mkati, ngakhale kulamula banki kuti ipereke ndalama kuchokera mu akaunti yanu, ndipo chiwongoladzanja chimakhala chikukwera. Ndiye gawo lomwe inu mukuvomereza kuti ndi loona, mwanena nokha kuti chaka choyamba chija simunamalize kulipira, lipirani msanga, lisiti lake tiliphatike ku objection. Zimasonyeza kuti simukuthawa msonkho, mukungokana zomwe zapitirira. Pa gawo lotsalalo tilemba pempho lapadera loti adikire mpaka nkhani itagamulidwa.

Mayi, ndaona mwalemba kuti mwina tipeze munthu wodziwana nawo atithandize chamseri. Chonde ayi. Zimenezo zingasandutse nkhani ya masamu kukhala mlandu wa ziphuphu, malume n'kulowa m'mavuto oposa awa.

Ndiye tichite motere malume. Mawa m'mawa pitani kubanki mukapemphe sitetimenti ya zaka ziwiri zonsezo, mwezi uliwonse, osalumpha. Asuweni a ku Johannesburg, ngati mukumvera, fufuzani mauthenga onse otumizira ndalama muwatumize kuno, ngakhale ma screenshot. Mlembi wa chipereganyu atibwereke buku lake. Ine Loweruka ndikangomwa tiyi ndikwera kabaza kubwera ku Luwinga ndi laputopu, tidzakhala kuseri kwa kauntala mpaka kalata ithe. Ndikufuna Lolemba ikhale italowa, chidindo chili pamwamba. Katoni ya malisiti ija muitsitse pa shelefu usiku uno, muiike poti siingadonthedwe.