Funsani Ofulula: Yisiti, Kutentha ndi Mowa Wosasa Msanga

FUNSO: Mowa wanga wamasese mu Juni umatha masiku anayi uli bwino, koma mu Okutobala umasasa tsiku lachiwiri ndipo umabaya m'mphuno. Chimera ndi ufa sindisintha. Chikulakwika n'chiyani? (Mayi a ku Chawama)

YANKHO: Mayi, chimera chanu chilibe mlandu. Mumgolo mwanu mumakhala magulu atatu a tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo kutentha ndi kumene kumasankha gulu lolamulira. Loyamba ndi mabakiteriya opanga asidi wa lactic, amene amapatsa mowa kuwawasa kokoma kuja. Lachiwiri ndi yisiti, Saccharomyces cerevisiae, amene amadya shuga n'kutulutsa ukali: magalamu 180 a shuga wa glucose amapereka pafupifupi magalamu 92 a ukali ndi 88 a mpweya wa carbon dioxide. Lachitatu ndi mabakiteriya a Acetobacter, omwe amasandutsa ukaliwo kukhala viniga akangopeza mpweya wakunja.

Mu Okutobala kuno ku Lusaka kumatentha kupitirira madigiri 30, m'nyumba yamalata ndiye kwambiri, ndipo mowa ukamawira umatulutsanso kutentha kwakekwake. Yisiti wamba akatenthedwa chonchi amathamangira ntchito, amapanga mitundu ina ya ukali yonunkha mobaya, n'kumaliza shuga msanga. Thovu likagwa, mpweya umene umatchinga pamwamba pa mowa umatha, ndipo a Acetobacter amayamba ntchito yawo.

Chofunika kwambiri ndi kulekanitsa kusasitsa ndi kuwiritsa. Sasitsani phala likadali lotentha, cha m'ma madigiri 48 mpaka 50, ligone usiku umodzi. M'mawa liphikeni mpaka libwate bwinobwino kuti mabakiteriya aja afe, apo ayi apitiriza kusasitsa mpaka mowa utaipa. Lizizire kufika madigiri 60 musanathire chimera. Mukathira likadali pa 80, mphamvu ya chimera yosandutsa ufa kukhala shuga imafa, ndipo mowa umatuluka wolimba koma wopanda ukali. Pakatha maola awiri sefani, lizizire kufika pakati pa 25 ndi 28, kenako thirani yisiti, makamaka madzulo.

Mgolo umodzi waukulu ugaweni m'zotengera ziwiri, muziike pamthunzi, muzikulunge ndi chiguduli chonyowa. Vundikirani ndi nsalu yoyera kuti tintchentche tisagweremo, chifukwa timanyamula mabakiteriya a viniga, koma musatseke zolimba kuti mpweya uzituluka: n'chifukwa chake paketi ya Chibuku ili ndi kabowo pamwamba. Ngati mumayambitsa mowa watsopano ndi wakale, tapani wa tsiku loyamba pamene thovu lili pachimake. Wa tsiku lachinayi umakhala utadzaza kale tizilombo tosasitsa.

China chimene sitingachilekerere: musafululire mumgolo wachitsulo. Asidi wa mowa amasungunula chitsulocho, ndipo chikachuluka m'thupi chimawononga chiwindi. Mbiya kapena pulasitiki ya zakudya ndiyo yoyenera, osati imene munali mankhwala.

FUNSO: Kodi yisiti wa buledi angafulule mowa? (Mnyamata wa ku Kalingalinga)

YANKHO: Inde, achimwene, ndi mtundu womwewo wa Saccharomyces cerevisiae. Pa mowa wamasese amagwira bwino. Pa mowa woyera wa m'botolo amavuta chifukwa sadikha pansi msanga ndipo amasiya fungo la buledi. Yisiti wouma wa mowa amagulitsidwa m'timapaketi ta magalamu 11.5, tokwanira malita 20. Muwazeni m'kapu ya madzi owiritsa amene azizira kufika pakati pa madigiri 25 ndi 30, mudikire mphindi 20. Madzi otentha amamupha. Khutchumulani kwambiri madzi a chimera musanamuthire kuti mulowe mpweya womuthandiza kuswana, koma kuwira kukangoyamba musavundulenso.

FUNSO: Magetsi akamazima pafupipafupi, kodi munthu wopanda chipinda chozizira angapange mowa woyera? Pali zatsopano zotani pa yisiti? (Bambo a ku Matero)

YANKHO: Bambo, mowa wa mtundu wa lager, monga Mosi, ndi wovuta popanda kuzizira. Yisiti wake, Saccharomyces pastorianus, amafuna madigiri 8 mpaka 13 ndi masabata angapo. Emil Christian Hansen ndiye anayamba kumulekanitsa ndi tizilombo tina ku kampani ya mowa ya Carlsberg ku Denmark mu 1883, koma kholo lake lokonda kuzizira linadziwika mu 2011, pamene akatswiri anapeza Saccharomyces eubayanus m'nkhalango za Patagonia ku South America. Mu 2022 anamupezanso m'nthaka ya ku Dublin, ku Ireland. Tsopano akumukwatitsa ndi yisiti wina kuti apeze mitundu yatsopano ya lager.

Zatsopano zilipo zambiri. Mu 2018 akatswiri a ku Berkeley ku America anasintha chibadwa cha yisiti kuti azitulutsa yekha fungo la hops, chomera chimene chimapatsa mowa wa m'botolo fungo ndi kuwawa. Opanga mowa wopanda ukali akugwiritsa ntchito yisiti monga Pichia kluyveri, amene satha kudya shuga wa maltose, yemwe ndiye wochuluka m'madzi a chimera.

Koma kwa ife a ku Lusaka, chaphindu kuposa zonsezi ndi kveik, yisiti amene alimi a kumadzulo kwa Norway akhala akusunga m'mabanja mwawo kuyambira kalekale, nthawi zina pomuumitsa pa mkombero wa timitengo. Ameneyu amawira bwino pakati pa madigiri 30 ndi 40 osatulutsa fungo lobaya lija, ndipo kawirikawiri amamaliza m'masiku atatu kapena anayi. Mtundu wa Voss umapezeka wouma ndipo umanunkhira ngati malalanje. Kutentha kwa Okutobala kumamukomera. Vuto lake ndi usiku wa Juni ndi Julayi, pamene muyenera kufunditsa chotengera ndi bulangete kuti asachite ulesi. Amafuna chakudya chokwanira, choncho musachulutse shuga wa m'sitolo m'malo mwa chimera. Akamaliza, tapani phala lake la pansi, mulipake mopyapyala pa pepala loyera lophikira, liume pamalo opanda fumbi ndi ntchentche, mulisunge m'botolo louma lotseka bwino kuti mudzafululire ulendo wina.