Yambani mwaonetsa makolo bukulo musanawerengere ana

Amayi, nkhani yanu yofuna buku loseketsa la maulendo odabwitsa loti muziwerenga ndi ana a gulu lanu yanditosa pachilonda, chifukwa ine zinandionekera kuno ku Ulongué, ku Mozambique. Mabuku a Chinyanja ndi osowa kwathu kuno, ambiri ndi a Chipwitikizi, choncho ndinaoloka malire pa Calómuè n'kukagula ku Dedza kabuku konena za mnyamata waulesi amene anagona m'lichero la agogo ake pothawa kulima, licherolo n'kuuluka naye mpaka kukamutula pamsana pa mvuu yolankhula. Ana amene ndinkawerenga nawo ankaseka mpaka misozi, ndipo ngakhale amene ankadodoma powerenga ankalimbirana kuti awerenge mokweza.

Loweruka lina tili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, kunatulukira mkulu wina wa mpingo, amene sanatipatse ngakhale moni. Anatsomphola bukulo m'manja mwa kamtsikana kamene kankawerenga, naloza chithunzi cha lichero lili m'mitambo, n'kunena mokweza pamaso pa ana ndi amayi ochokera kuchigayo kuti ine ndikuphunzitsa ana a eni kutamba. Kamtsikanako kanayamba kulira poganiza kuti kalakwa ndi iko, anyamata anabalalika, ine ndinangoti kakasi manja akunjenjemera. Nonse mukudziwa mmene mbiri ya ufiti imathamangira m'mudzi: pofika Lamulungu makolo ambiri anali ataletsa ana awo kubwera, ndipo pamsika anthu ankandiyang'ana cham'mbali.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti bambowo sanawerenge ngakhale tsamba limodzi, pamene iwo omwewo madzulo amauza zidzukulu zawo kuti "Padangokhala", ana n'kuvomera kuti "Tili tonse", kenako n'kuyamba za Kalulu wopusitsa Njovu. Kodi Kalulu wolankhula ndi wa m'Baibulo? Bukulo sanandibwezerenso.

Tsono inu pewani buku lokhala ndi lichero louluka, kadzidzi, manda kapena munthu wokwera fisi, ndiponso lochita nthabwala ndi zilombo za Gule Wamkulu, chifukwa pamenepo mudzayambana ndi eni mwambo. Sankhani la nyama zolankhula ndi ulendo wa pamadzi, kuti ana aziyerekeza ndi Zambezi kapena Cahora Bassa, ndipo mulionetse kwa makolo ndi anyakwawa musanayambe. Likakhala lochokera ku Malawi muwachenjeze ana kuti pamene mabuku athu a kusukulu amalemba c, kumeneko amalemba ch.

Komabe musachite mantha mpaka kugula buku lozizira la malangizo okhaokha, chifukwa ana adzakuthawani sabata yachiwiri isanathe. Kunena zoona, palibe lina limene linawaseketsa ana anga aja ngati la lichero lija, koma ngakhale mutalipeza musaligule.