Mmene malonda odutsa malire amayendera kuchokera ku Lusaka, ndi chimene misewu yasintha

Amayi, mwafunsa kuti munthu wa mpamba wochepa amene akufuna kumapikula katundu kunja n'kumagulitsa ku Kamwala kapena ku COMESA Market ayambire pati. Mwafunsanso ngati misewu ndi milatho imene boma likumanga ikuthandizadi ife amalonda ang'onoang'ono, kapena ndi ya eni malole okha. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi, chifukwa malonda awa amawerengedwa ndi masiku. Tiyerekeze kuti muli ndi K20,000 ndipo ulendo uliwonse umakusiyirani K3,000. Mukamayenda kawiri pamwezi mwapeza K6,000, mukamayenda katatu mwapeza K9,000, mpamba womwewo, katundu yemweyo. Tsiku lililonse limene katundu wagona pa boda kapena lole yafera panjira, ndalama yanu ili chigonere pamene lendi ya shopu ikuwerengedwa. Msewu wabwino ndi boda yachangu zimakubwezerani masiku amenewo.

Choyamba ndi kusankha njira, ndipo njira imasankhidwa ndi katundu. Great East Road imakufikitsani ku Chipata, makilomita pafupifupi 570, kenako boda ya Mwami ndi Mchinji mpaka ku Lilongwe. Kumeneko anthu amatenga mpunga wa Kilombero, mtedza, nyemba ndi zakumwa zopangidwa ku Malawi. Great North Road imadutsa ku Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Chinsali mpaka ku Nakonde pa boda ya Tanzania, makilomita pafupifupi 1,000, ndipo ndiyo njira ya zitenje, nsapato, zovala ndi ziwiya za ku Kariakoo mu Dar es Salaam, komanso mbatatesi, anyezi ndi mpunga wa ku Mbeya. Kum'mwera kuli Chirundu, makilomita osakwana 150 kuchokera mu tauni, ndi Kazungula kupitirira Livingstone, njira za katundu wa ku Harare ndi Johannesburg. Kasumbalesa ndi kogulitsa kwambiri kusiyana ndi kogula: ufa, mazira, nkhuku, nsomba ndi ndiwo zamasamba zimalowera ku Congo tsiku ndi tsiku. Woyamba kumene ndimamulangiza Mwami, chifukwa ulendo wake ndi waufupi, chilankhulo ndi chathu chomwechi mbali zonse ziwiri, ndipo malamulo ake ndi opepuka monga ndifotokozere.

Musanakwere basi pa Intercity mukhale ndi pasipoti imene nthawi yake sinathe ndi TPIN, nambala ya wolipira msonkho yochokera ku ZRA, bungwe lotolera msonkho. TPIN imatengedwa kwaulere, ngakhale pafoni. Amene nkhani zake za msonkho sizili m'dongosolo amalipitsidwa msonkho wina wapatsogolo pa katundu wamalonda, ndiye kusowa kanambala kameneka kumadya phindu lanu musanatsegule n'komwe belo. Ngati mukunyamula za m'munda pamafunika chilolezo cha Unduna wa Zaulimi ndi chikalata chotsimikiza kuti mbewuzo zilibe matenda kapena tizilombo. Nsomba ndi nyama zili ndi zilolezo zakezake, ndipo kumbukirani kuti kuyambira 1 December mpaka kumapeto kwa February usodzi umatsekedwa m'madzi ambiri a mu Zambia, moti nsomba zopanda mapepala zimalandidwa panjira. Funsaninso ngati mbewuyo sinaletsedwe kutuluka. Mu 2024, chilala chitavuta, boma linatseka chimanga ndi ufa kuti zisatuluke, ndipo amene anali atagula kale matumba oti awoloke nawo anangoti kakasi.

Tsopano msonkho, pamene ambiri amagwera. Kasitomu amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikiza ndalama yonyamulira mpaka pa boda. Katundu wotha kupangidwa, monga zovala ndi nsapato, nthawi zambiri amalipira 25 peresenti, ndipo VAT, msonkho wa pa zogula, ya 16 peresenti imawerengedwa pamwamba pa zonsezo. Mwachitsanzo, katundu wa K10,000 msonkho wake ndi K2,500, kenako VAT pa K12,500 ndi K2,000, zonse pamodzi K4,500. Amene anawerenga phindu lake ali ku Kariakoo osaikapo K4,500 imeneyi amafika ku Lusaka ali kale ndi ngongole. Musapemphe wogulitsa kuti akulembereni risiti ya mtengo wotsika. Akasitomu ali ndi mitengo yawo mu kompyuta, mu ASYCUDA, ndipo akaona kuti risiti yanu ndi yokayikitsa amakweza mtengo okha, kuwonjezerapo chindapusa, katundu n'kutsala m'nyumba yosungira imene inunso mudzalipire tsiku lililonse.

Pali njira yopepuka imene COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, inayambitsa mu 2010, yotchedwa STR (Simplified Trade Regime), ndipo ndi yomvetsa chisoni kuti amayi ambiri amadutsabe m'tchire osaidziwa. Imagwira ntchito pa katundu wosapitirira madola 2,000 pa ulendo umodzi, wolimidwa kapena kupangidwa m'dziko limene mukuchokeralo, ndiponso wopezeka pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana. Mukafika pa boda pitani pa desiki ya TIDO, munthu amene ntchito yake ndi kuthandiza amalonda ang'onoang'ono. Iye amaona ngati katundu wanu ali pa mndandandawo, amakuthandizani kulemba chikalata chachifupi chosonyeza kumene katundu wachokera ndi fomu yachifupi ya kasitomu, kenako akasitomu amadinda. Msonkho wa kasitomu umachoka wonse ndipo ejenti wotulutsa katundu pa boda safunika. Chimene sichichoka ndi VAT pa katundu amene amalipira VAT, ndi zilolezo za zaumoyo ndi zaulimi. Pa katundu wa K10,000 woyenera STR, mmalo mwa K4,500 mulipira K1,600. Koma dziwani kuti mabulangete a ku China ogulidwa ku Lilongwe si katundu wa ku Malawi, ndiye STR siwakhudza. Dziwaninso kuti Tanzania ndi Botswana sali mu COMESA. Ku Nakonde katundu wopangidwa mu Tanzania amachotseredwa msonkho ndi chikalata cha SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa, pamene wa ku China wongodutsira pa doko la Dar es Salaam amalipira zonse. Bungwe la Cross Border Traders Association limathandiza mamembala pa zimenezi, ndipo kulowamo n'kwanzeru.

Pa funso lanu la misewu, chimene chasintha kwambiri moyo wa wamalonda ndi boda yoima kamodzi. Kale munkaima mbali ino kudinditsa kutuluka, kutsitsa katundu, kukwezanso, kuwoloka, kuimanso mbali inayo, kutsitsanso. Tsopano mumaima kamodzi m'dziko limene mukulowa, ndipo maofesala a mayiko onse awiri amakhala m'nyumba imodzi. Chirundu inayamba kugwira ntchito motere mu December 2009, yoyamba mu Africa muno. Nakonde ndi Tunduma zinatsatira mu 2019, ndipo Mwami ndi Mchinji zinatsegulidwa mu December 2022 ndi apulezidenti a Zambia ndi Malawi pa nthawiyo, Hakainde Hichilema ndi Lazarus Chakwera. Kutsitsa katundu kamodzi mmalo mwa kawiri ndi ndalama ya onyamula imene yatsala m'thumba, ndi makatoni osang'ambika, ndi katundu wosasowa m'chipwirikiti.

Kazungula ndiye umboni woonekeratu. Mpaka 2021 malole ankawoloka Zambezi pa pontuni, imodzi kapena ziwiri nthawi imodzi, ndipo pontuni ikawonongeka kapena madzi akachuluka mzere unkafika makilomita angapo, madalaivala n'kugona masiku pamenepo. Mlatho wa mamita 923 unatsegulidwa mu May 2021, womangidwa ndi ndalama za Zambia ndi Botswana pamodzi ndi ngongole za African Development Bank ndi Japan. Ubwino wake kwa ife si kuwoloka msanga kokha. Katundu wa ku Johannesburg tsopano ali ndi njira ziwiri zodalirika, ya Beitbridge ndi Chirundu, ndi ya Botswana ndi Kazungula. Kumene kuli njira ziwiri, eni malole amapikisana, ndipo wamalonda amene amalipira malo a mabelo asanu okha m'lole ya anthu ambiri amatha kunenerera mtengo.

Great East Road kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka Mwami inakonzedwa ndi thandizo la European Union ndi mabanki a chitukuko, ndipo n'chifukwa chake basi yonyamuka mbandakucha imafika ku Chipata dzuwa likadalipo. Great North Road nkhani yake ndi ina. Ndiyo imanyamula mkuwa wopita ku doko ndi mafuta obwera kuno, ndipo chigawo cha Serenje, Mpika mpaka Nakonde chakhala chovuta kwa zaka zambiri. Ntchito yokonza Chinsali mpaka Nakonde inathandiza, koma msewu ndi unyolo, mphamvu yake ili pa mfundo yofooka. Maenje amathyola masipuling'i, amaphulitsa matayala, ndipo mwini lole ndalama yokonzerayo amaiika pa thumba lanu. Mbatatesi ndi tomato sizidikira makaniko. Ngati mukutenga zowola pa njira imeneyi nthawi ya mvula, werengerani kuti gawo lina lidzatayidwa, ndipo musaike mpamba wonse m'lole imodzi.

Msewu wa Lusaka mpaka Ndola, makilomita 327, ukumangidwa kuti ukhale wa mbali ziwiri pa mgwirizano wa boma ndi kampani umene unasainidwa mu 2023. Kampaniyo ndiyo ikubweretsa ndalama ndipo idzazibweza kudzera pa ma toll gate m'kati mwa mgwirizano wa zaka 25. Zimenezi ndi zofunika kuti muzimvetse, chifukwa msewu si waulere. Lole yochokera ku Nakonde imalipira pa toll gate iliyonse, monga Manyumbi ndi Katuba, ndipo ndalamayo imagawidwa pa mabelo athu. Ine sinditsutsa kulipira ngati msewu ukusamalidwa, pakuti toll ndi yotsika kuyerekeza ndi tsiku limodzi lotayika. Chimene ndimakana ndi kulipira pa msewu wa maenje. Tinaonanso kuti misewu yomangidwa ndi ngongole zambiri imabwerera kwa wamalonda pa khomo lina. Pulogalamu ya Link Zambia 8000 inayamba mu 2012, misewu yambiri inamangidwa, koma mu November 2020 dziko linalephera kulipira ngongole zake ndipo kwacha inagwa. Wopikula kunja amagula ndi madola, marandi kapena mashilingi n'kugulitsa ndi kwacha, ndiye kwacha ikagwa pakati pa ulendo ndi ulendo, ndalama imene inagula mabelo khumi imagula asanu ndi atatu. Choncho mtengo wogulitsira muziuika poona ndalama imene mudzagulire katundu wotsatira, osati imene munagulira ameneyu.

Njanji ndiyo ikanatipulumutsa kwambiri. TAZARA, makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka Dar es Salaam, inamalizidwa mu 1975 ndi thandizo la China kuti izinyamula matani 5 miliyoni pachaka, koma sinafikepo pamenepo. Mu 2025 Zambia ndi Tanzania anasainirana ndi kampani ya ku China mgwirizano wa madola 1.4 biliyoni woti ikonzedwe. Mkuwa ukabwerera pa njanji, Great North Road idzapuma, ndipo phindu limenelo lidzafika ngakhale kwa amene sadzakwerapo sitima. Njanji ya Chipata mpaka Mchinji, yotsegulidwa mu 2010 kuti itilumikize ku doko la Nacala, ikusonyeza kuti kumanga pakokha sikukwanira, chifukwa imathera ku Chipata osalumikizana ndi njanji ina ya mu Zambia, ndipo katundu wambiri akuyendabe pa lole.

Pali zimene simenti siingakonze. Network ikagwa pa boda, nyumba yokongolayo imangokhala chipinda chodikirira, ndiye musafike madzulo kapena kumapeto kwa sabata ngati katundu wanu akufuna ofesala wa zaulimi. Malole amapimidwa pa sikelo ya pamsewu monga ya ku Kapiri Mposhi ndi Kafue, ndipo ikapezeka yapitirira muyeso imaimitsidwa mpaka chindapusa chilipidwe ndi katundu achepetsedwe. Musanakweze mabelo anu, yang'anani mmene lole yadzazira, lembani dzina ndi nambala yanu ya foni pa belo lililonse mbali ziwiri, jambulani nambala ya lole, ndipo tengani risiti yosonyeza chiwerengero cha mabelo. Theka la ndalama yonyamulira mulipire pokweza, theka linalo katundu akafika. Osintha ndalama oima panja pa boda amafulumira powerenga, ndiye werengani nokha kawiri musanapereke zanu, kapena sinthani ku bureau yovomerezeka, ndalama yotsalayo ikhale pafoni.

Njira za zalewa, zozembera boda, musaziyese. Anyamata a njinga ndi njinga zamoto adzakuuzani kuti akudutsitsani motsika mtengo, koma mukabedwa m'tchire mulibe kokadandaula, amayi ambiri amachitidwa chipongwe kumeneko, ndipo katundu wopanda mapepala amalandidwa pa rodibuloko yoyamba ya m'kati mwa dziko. Ndalama iliyonse imene mwapereka pa boda izikhala ndi risiti ya boma.

Katundu akafika ku Lusaka ndalama sizinathe kutuluka. Pali otsitsa, pali wilibala kapena kagalimoto kofikitsa ku shopu, pali malo osungira usiku. Ma flyover a ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres anachepetsa mizere ya magalimoto, koma kuzungulira Soweto ndi City Market mvula ikagwa madzi amadzaza m'njira ndipo makatoni oikidwa pansi amanyowa. Gulani mapaleti kapena matabwa oikapo katundu ndi pepala la pulasitiki lokutira November asanafike. Pa ulendo woyamba tengani mitundu iwiri kapena itatu yokha ya katundu amene muli naye kale ogula, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu a mpamba lisagule katundu, likhale la msonkho, chakudya ndi malo ogona ngati boda yakuchedwetsani.